Mng'alu Wochita Kucheka Dala

Takondwa mwana wanga,

Ndakhala m'kalasi muno ana ataweruka, chifukwa kunyumba sindingathe kukuuza zimene ndikufunazi. Ndikangoyamba chiganizo iwe umachimaliza wekha, ndipo umachimaliza molakwika. Pepala ili sungalidule mawu. Uliwerenge lonse lero lomwe, usalipinde kuti ukawerengere m'ndege mawa, chifukwa pofika nthawi imeneyo likhala lopanda ntchito. Zoti uzikavala zofunda, uzikapemphera, usakaiwale kwanu, azakhali ako akuuza kale mpaka makutu kuwawa. Ine nkhani yanga ndi imodzi, ndipo ndi ya Yohane, mnyamata wa zaumoyo wa ku Ntchisi uja amene akwawo anabwera kale kudzagogoda pakhomo pathu chifukwa cha iwe. Ndiyambe ndanena kuti ndakwiya nawe.

Ndikudziwa chimene wachita. Tsiku lija unkayankhula pa foni ndi mnzako kuseri kwa khitchini, ine ndinali m'kati ndikuswa mtedza. Ndinakumva ukuseka, ukunena kuti wamuuza Yohane kuti mwina sudzabwerako, kunjako ntchito n'zambiri, asavutike n'kukudikira. Unati mafoni ake wasiya dala kuyankha. Unati, "Ndikufuna ndione ngati ndi wolimba. Ngati amandikondadi abwera kudzakangana nane." Ndinayesa chibwana chabe, chitha chokha. Sichinathe. Mnyamatayo sanabwere kudzakangana nawe. Wauza amalume ake kuti Loweruka lino atsike kuno adzabweze mawu a chinkhoswe, chomwe tinapangana kuti chidzachitike ukadzabwera ku tchuthi. Iwe zimenezi sukuzidziwa, uli kalikiliki kuyeza masutikesi.

Chimene chikundipsetsa mtima kwambiri n'chakuti nzeru yopusayi ndikudziwa kumene waitenga, ndinaionera pakhonde panga pomwe. Miyezi yonseyi ukudikira mapepala a ulendo, nyumba yanga unaisandutsa malo ophwanyirapo zinthu. Khonje wa kumpanda kwa dimba unamudula mpaka mbuzi za anthu zinapeza polowera. Unamupala, ulusi wake n'kuyanika pa waya wanga wa zovala, kenako n'kuuduladula tifupitifupi ndi sizasi yanga yosokera, imene pano siidula ngakhale pepala. Zigubu zakutha za mafuta ophikira unazisungunula pa mbaula, n'kusakaniza ndi ulusi uja, n'kuthira m'chikombole. Utsi wake tinatsokomola nawo mudzi wonse. Ndinapirira, chifukwa unati ukufuna kudzapanga zofolera nyumba zotchipa kuti anthu a m'mapiri muno aleke kulimbana ndi udzu chaka ndi chaka, ndipo ndinaona kuti n'zanzeru. Koma timatabwa tako tija tikauma, tosalala bwino, iwe unkatenga sowo n'kucheka kampata pakati, kenako lezala latsopano n'kunola nsonga ya kampatako kuti kakhale mng'alu weniweni. Ukatero unkagoneka kathabwako pa njerwa ziwiri mng'alu uli chakunsi, kukoleka ndowa pakati, n'kumathiramo mchenga pang'onopang'ono mpaka kathyoke. Kakathyoka unkasangalala ngati wapambana mayeso, n'kuthamanga kukayeza mchengawo pa sikelo ya fodya ya bambo ako.

Ndinakufunsa kuti nanga n'kuvutikiranji kupanga chinthu chabwino kenako n'kuchivulaza wekha. Unandiyankha ngati ndine mwana wa sitandade wani.

"Amayi, kulimba kulipo kuwiri," unatero. "Pali kusenza katundu chinthu chikadali chamtunthu, ndiye pali kukana mng'alu chikakhala kuti chavulala kale. Padenga sipakhala chinthu chosavulala. Msomali uboola, matalala agwa, mwana aponya mwala. Ine ndikuyeza kwachiwiriko."

Kuyambira tsiku limenelo ndinalowa sukulu yomwe sindinalembetse. Ndikuphika iwe uli pambali, kundiuza kuti mng'alu ukamayenda motsata m'mene ulusi wagonera umathamanga, koma ukaupingasa timaulusi timagwira mbali ziwirizo, n'kumazuka kamodzikamodzi, mng'aluwo n'kuchedwa. Kuti ulusi ukafupika kwambiri umangosololoka osagwira kanthu. Kuti khonje wosauma bwino amasiya timibowo ta mpweya m'kati, ndipo mng'alu umayambira pomwepo. Kuti kathabwa komweko kuyesa m'mawa kukuzizira ndi kuyesa masana dzuwa lili pamutu, mchenga sufanana. Unafika mpaka pondikokera panja ndiwo zili pamoto kuti ndidzayang'ane pa galasi lokulitsa zinthu m'mene timaulusi tatulukira pothyokapo. Ndiwozo zinapserera, ndipo anadya ndi bambo ako osadandaula poti wapsereza ndi mwana wawo wophunzira.

Usaganize kuti ndikunyoza sukulu yako. Ndinavomera msanga zimene unanenazo chifukwa ine ndemwe kulimba koyambako kunandipusitsapo. Chaka chimene ndinasamukira pa sukulu ino ndinapita ku msika pa Boma kukagula beseni. Wogulitsa anali ndi pakamwa. Analivundikira pansi, n'kukwerapo, n'kudumphadumpha, n'kulikwapula ndi ndodo, beseni osatekeseka. Ndinati ili ndiye ndidzafa nalo. Patapita masabata ndinadulira nyama m'menemo, mpeni n'kukanda pansi pake, kachikanda kosaoneka n'komwe. M'mawa wina wa mu Juni, kuja kumazizira mpaka mano kuwawa, ndikukwera chitunda kuchokera ku chitsime nditalisenza, ndinangomva phwa, madzi onse m'khosi mpaka kumapazi. Linang'aluka kuyambira pa kachikanda kaja mpaka m'mlomo. Ndinafika kunyumba ndikunjenjemera, nditanyamula zibenthu ziwiri, amayi a m'njira akundipatsa pepani uku akubisa mano. Choncho ntchito yakoyo ndikuidziwa kufunika kwake. Pita ukaiphunzire kwa eni makina okoka pang'onopang'ono aja umandiuza, ukayese ulusi wa galasi ndi wa chilichonse, ubwere udzatifolere nyumba. Ndikakhala pakati pa amayi anzanga kumpingo ndimakunyadira, ngakhale pofotokoza chimene umaphunzira ndimangoti zothyola mapulasitiki.

Koma Takondwa, kumbukira katoni ili pansi pa bedi lako. Ndikusesa ndinaipeza yodzaza ndi tizidutswa tothyoka, ndipo ndinakufunsa kuti timeneti tigwira ntchito yanji. Unati, "Palibe, amayi. Kachidutswa koyesera sikapitanso padenga. N'chifukwa chake timapanga tambiri, tina timataya dala kuti tidziwe za totsalato." Mawu ako omwe amenewo, ine sindinawonjezere. Ndiye tandiuza, a Yohane uli nawo angati? Ukamucheka ameneyu n'kumukoleka ndowa mpaka athyoke, yankho ulipeza ndithu, koma wotsala woti udzakhale naye ndi uti? Mutu wonsewo, masatifiketi onsewo, kulephera kuona kanthu kakang'ono chonchi. Wandikwana.

Ndikudziwanso chimene ukuganiza kuchita, chifukwa ndinakubereka ndine. Ukuti ukakafika udzamutumizira uthenga wa tizithunzi toseka, n'kuti ndimangocheza, zonse n'kutha. Ndowa yanga yobiriwira ija ndinaichita zomwezo. Itang'aluka m'mbali ndinasungunula chivindikiro cha chigubu n'kumata pamwamba, ndowa n'kuoneka ngati yatsopano. Mng'alu unapitiriza ulendo wake pansi pa chigambacho, n'kukatulukira kunsi. Wandiseka ndiwe chaka chino, kuti ndikanayamba ndafufuza pamene mng'alu wathera n'kuboolapo ndi msomali wamoto, chifukwa choyenda ndi nsongayo. Uthenga wa pa foni wochokera kutsidya kwa nyanja ndi chigamba cha pamwamba, mwana wanga. Madzi akatayika sawoleka, ndipo amalume a munthu akabweza mawu pamaso pa amalume ako, suwabwezanso ndi tizithunzi.

Tsopano ndikuuze chimene chandikhazika pano mpaka ana osesa apita. Nkhani imene bambo ako amakonda kukamba pa ukwati uliwonse umaidziwa, ya m'mene anandiyesera tisanakwatirane. Umaidziwa m'mene iwo amaikambira, anthu n'kumaseka, amayi n'kululutira, ine n'kumamwetulira. Sunaimvepo kuchokera kwa amene anakolekedwa ndowa. Nthawi imeneyo ndinali kwathu ku Mvera, nditangomaliza maphunziro a uphunzitsi, iwo ali kalaliki pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu. Mafoni kunalibe. Tsiku lina kunabwera mnzawo, wa nsapato zonyezimira, nkhope ili yachisoni, kudzandiuza kuti ndisataye nthawi, mwamuna wanga uja watenga mkazi komweko. Ndinalira mpaka amayi anaopa kuti ndidwala. Madiresi anayamba kundikhwepa. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo kuti anthu asandiyang'ane. Kenako wansapato uja anabweranso, ulendo uno kudzandifunsira yekha, ndi sopo wonunkhira ndi mawu okoma. Ndinamuthamangitsa. Sipanatenge nthawi, bambo ako anatulukira ndi ankhoswe awo, mano onse ali pamtunda, akuti zonse zija anakonza ndi iwo kuti aone ngati ndine mkazi wokhulupirika, ndipo ndakhoza.

Ndikuuze zoona zake. Sindinakane munthu uja chifukwa cha kukhulupirika kumene amatama bambo akoko. Ndinamukana chifukwa masiku amenewo mwamuna aliyense ankandinyansa, ngakhale tambala wa pakhomo. Akanabwera patapita chaka mwina ukanabadwa mwana wa munthu wina. Choncho ngakhale yankho limene anapezalo linali labodza. Iwe wemwe umati muyeso ukakonzedwa molakwika, mng'alu ukakhala wobuntha, umapeza nambala yokoma koma yonama. Bambo ako akhala akunyadira nambala yonama moyo wawo wonse.

Ndinakwatiwa nawo, ndipo ndi munthu wabwino, usandimve molakwa. Sanandimenyepo, sanagonepo kunja, fodya akagulitsa ndalama amabwera nazo kunyumba. Koma kuchokera tsiku lija, mawu awo alionse ndimayamba ndawatembenuza kaye ndisanawalandire. Akati ndiwo zakoma, mumtima ndimati akufuna aone chiyani. Akati chaka chino fodya wagwa, ndimati kapena akufuna aone ngati ndidandaule. Iwe uli wakhanda, munthu anabwera pa njinga ku sukulu kudzandiuza kuti bambo ako agwa pa lole ya mabelo a fodya potsika chitunda, ali ku chipatala pa Boma. Ukudziwa chimene ndinachita? Ndinati ndamva, n'kubwerera m'kalasi kukamaliza phunziro la masamu. Ndinachonga makope onse. Mumtima ndinkati ayambiranso masewera awo aja, ulendo uno akufuna aone ngati ndithamange. Nditafika kunyumba n'kupeza anthu atasonkhana pakhomo, ndinadziwa kuti n'zoona, n'kuthamangira ku chipatala. Ndinakawapeza dzuwa litapendeka, mwendo uli m'chikhakha, akuyang'ana kuchitseko. Iwo anaganiza kuti ndinasowa galimoto. Zimandiwawa mpaka lero, ndipo ndimakwiya ndikakumbuka kuti amene anandiphunzitsa kukayika ndi iwo omwe anagona pabedipo akundidikira.

Ukumva, Takondwa? Ine ndinakhoza mayeso, ndipo malipiro ake ndi amenewo. Ngakhale Yohane akanachita zimene unkafunazo, kubwera ndi njinga yake yamoto kudzafuula pabwalo, tsiku limene akanadziwa kuti zinali zoyesa ukanamutaya mbali ina. Ukadzamuimbira uli kutali kuti iwe wadwala, adzayamba waganiza kaye. Ndi banja limenelo ukulifuna?

Dzulo anabwera kuno ku sukulu. Iwe ukudziwa kuti mkamwini sayenda yekha kudzaona apongozi, ndipo mnyamata ameneyu ndi wamwambo, akandiona pa msika amapatuka n'kunjuta patali. Kuti afike pobwera, zinthu zamufika pakhosi. Anaimika njinga pansi pa mtengo wa mango uja, n'kunjuta pambali pake, chisoti chili m'manja, maso ali kumbali. Fumbi la msewu wa ku Ntchisi linali lili mbuu mpaka m'nsidze. Waonda, lamba wake waboola bowo lina.

"Pepani amayi," anatero, "ndikudziwa kuti si mwambo kuti ndibwere kwa inu chonchi. Kungoti a Takondwa foni sakuyankha."

Ndinati, "Yankhulani bambo, ndikumva."

"Anandiuza kuti ndisawadikire. Ndiye ndakhala ndikuganiza kuti munthu wavutikira sukulu chonchi, si bwino ine ndikhale chingwe cha kumwendo kwake. Ndauza amalume abwere Loweruka adzamasule, a Takondwa akaphunzire ndi mtima umodzi. Ndimangofuna inu mudziwe kuti sindinakwiye, ndipo pakhomo panu sindinaonepo choipa."

Ndinamufunsa kuti, "Nanga inuyo mtima wanu ukuti chiyani?"

Anayamba kukanda matope pa tayala ndi kamtengo. Kenako anati, "Wangawo ingousiyani, amayi."

Lilime linandiyabwa kuti ndimuuze zonse pompo. Sindinamuuze, ndipo sindidzamuuza. Lezala unagwira ndiwe, ukanene wekha. Ndinangomufunsa ngati m'mawa wa tsiku la ulendo wako adzakhale pa chipatala chawo chaching'ono chija kapena kumidzi, iye n'kuti adzakhala pompo, ndi tsiku la sikelo ya ana.

Pa muyeso wako mnyamatayu walephera, poti sanabwere kudzakangana nawe. Ine ndikuti muyesowo ndi wokhota. Unkadikira phokoso, pamene munthu wake ndi wa mtundu wosenza mwakachetechete. Unamuuza kuti ukufuna kumasuka, iye n'kukhulupirira mawu ako, n'kuyamba kukumasula ngakhale zikumupha. Mwamuna wokhulupirira mawu a mkazi monga m'mene anenedwera sapezeka pa msika, ndipo chimenecho n'chomwe iwe wasankha kuchekapo. Ndikaganiza mutu umandiwawa.

Sindikukukakamiza banja. Ngati pansi pa masewera akowo pali choona, ngati ukuonadi kuti sudzabwerako kapena mtima wako wachoka, limenelo si tchimo, anthu amasiyana. Koma ukamuuze choonacho pamaso, kuti akamalira azilira chinthu chenicheni. Ndipo ngati umamufuna, monga ndikudziwira ine amene ndimakuona ukutsegula foni n'kuyang'ana dzina lake n'kuitsekanso, upite ukamuuze kuti unanama, unkamuyesa, ndipo unalakwa. Usakayambe ndi kufotokoza, ndimakudziwa, ukangoyamba kufotokoza zimakhala ngati wolakwa ndi winayo. Usakaseke. Akakwiya umusiye akwiye, ndi ufulu wake. Akati akufuna nthawi, umupatse, ndipo udikire ndiwe ulendo uno. Ndiponso kumene ukupitako ukakumana ndi anthu atsopano, aphunzitsi, anzako ogona nawo nyumba imodzi. Ukafuna kudziwa mtima wa munthu uzimufunsa, kapena uzikhala naye n'kumaona, mavuto oyesa anthu amabwera okha popanda wowaitana. Zocheka uzikasiya ku makina.

Mwina ukuti nthawi yatha, ndege ndi ya mawa madzulo ndipo Ntchisi ndi kumtunda. Za ulendo zakonzeka kale, ndipo sindinakonze ndine. Lero m'mawa ndisanabwere kuno ndinawapeza bambo ako ku shedi akusankha fodya, n'kuwauza zimene wachita. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ameneyo ndiye mwana wanga weniweni," anatero. "Musiyeni amuyese, ifenso tinayesa, si uyu tili naye mpaka lero?"

Apo ndiye zinandikwera. Ndinakhala pa belo n'kuwauza zonse ndakulemberazi, za madiresi okhwepa, za chifukwa chenicheni chimene ndinakanira mnzawo uja, ndi za tsiku la chipatala lija, kuti galimoto sinasowe. Ndinali ndisanawauzepo chiyambire. Anangokhala, tsamba la fodya lili m'manja, osalisanja kumanja kapena kumanzere. Ndinawasiya choncho n'kubwera ku ntchito.

Nthawi yopuma ndinawaona pa geti la sukulu akukankha njinga yamoto ya amalume ako, yomwe amati sadzakweranso chigwereni pa lole. Sanalowe, anandiitanitsa.

"Amake Takondwa," anatero, "mumuuze mwanayo adzuke kukangocha. Ndimutengera ndekha ku Ntchisi, ndikamudikira panja, tibwerako nthawi ya ndege isanakwane." Anatembenuza njinga ngati akupita, n'kuimanso. "Ndikakamusiya ku bwalo la ndege, inu ndi ine tidzakhale pansi. Ndili ndi mawu."

Choncho mawa uvale nsapato zotseka ndi juzi, kumtundako m'mawa kumazizira, ndipo uwagwire bwino bambo ako pokhota chifukwa mwendo uja sulimba. Kukwera kapena kusakwera zili kwa iwe, sindikukoka. Koma dziwa kuti mawu amene bambo ako akuti ali nawowo, ine ndawadikira zaka zambiri kuposa zimene iwe wakhala ndi moyo. Yohane usamudikiritse choncho.

Ndine mayi ako.